MUYESO WA MAKAMPANI A MALOYA KU ENGLAND, NDI MWANA WA MASATIFIKETI ENA

Mau olankhulidwa pa msonkhano wa aphunzitsi

 Nkhani imene ndadza nayo iri ya dziko lakutali, koma ikhudza ana amene akhala m'makalasi mwathu lero lino. Pa sukulu iri yonse pali mwana amene, mukamfunsa cimene afuna kudzakhala, ayankha kuti, "Loya." Ambiri mwa ana otere adzaphunzira konkuno, koma ena adzatsata makolo ndi acibale ao amene agwira nchito ku England, monga anamwino athu amene anapita kumeneko. Akatsiriza maphunziro a malamulo ndi kuyamba kufuna nchito, adzapeza kuti makampani a maloya afunsa magiredi a mayeso amene iwo sanalembe. Ndifuna tione pamodzi muyeso umenewo, ndi cimene mwana wokhala ndi mapepala ena ayenera kucita nao.

Cimene makampani afuna

Kuno kwathu loya mmodzi acita nchito zonse za uloya, koma ku England ndi Wales maloya ali a mitundu iwiri. Barrister ndiye amene nchito yace yaikulu iri kulankhula pa bwalo la milandu. Solicitor ndiye amene alandira munthu mu ofesi, nampatsa uphungu, nalemba mapangano, nakonza mlandu. Nkhani yathu iri ya solicitor. Mnyamata kapena mtsikana wofuna nchito imeneyi kawiri-kawiri afuna malo m'kampani ya maloya, kumene aphunzira nchito zaka 2 ali kulandira malipiro. Dzina la malo otere ndi training contract.

Ofunsira malo amenewa ali oculuka, ndipo malowo ali ocepa. Cotero makampani akulu-akulu ambiri, makamaka a mu London, anaika sefa yoyamba, kuti asataye nthawi kuwerenga makalata onse. Sefayo iri ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi digiri ya 2:1, ndiyo ya malikisi 60 kufikira 69 pa 100, kapena yoposa pamenepo. Mbali yaciwiri ndi magiredi a mayeso a A-level, ndipo amene afunidwa kawiri-kawiri ndi AAB kapena ABB.

Tiyenera kumvetsa A-level. Mwana wa ku England alemba mayeso a GCSE ali ndi zaka 16. Pambuyo pace asankha maphunziro owerengeka, kawiri-kawiri 3, nawaphunzira mozama zaka 2, nalemba A-level ali ndi zaka 18. Mayeso amenewa anayamba m'caka ca 1951. Tsono AAB ndiko kunena kuti mwana anapeza A m'maphunziro awiri ndi B m'phunziro lacitatu. Makampani ambiri aonjeza mau akuti, "kapena zolingana nazo," ndipo mau amenewa ndiwo khomo la mwana ali yense amene anaphunzira m'njira ina.

Pano pali mfundo imene ambiri saidziwa. Kufuna AAB si lamulo la dziko iai, koma ndi cifuniro ca kampani yokha. Bungwe loyang'anira masolicitor, la Solicitors Regulation Authority, lifuna zinthu 4 kwa munthu wolowa m'njira yatsopano imene inayamba mu 2021: digiri ya phunziro liri lonse kapena cina colingana nayo, kupambana mayeso a SQE, amene ali ndi zigawo ziwiri, zaka 2 za nchito ya malamulo, zimene munthu akhoza kugwira m'malo osapitirira 4, ndi mbiri ya makhalidwe abwino. Pa zinthu zimenezi palibe A-level. Popeza muyeso wa magiredi uli wa kampani, kampani iri yonse iri ndi mphamvu ya kuumasulira monga ifuna, ndipo munthu akhoza kukambirana nayo.

Kulinganiza miyeso

Tonse tidziwa za kugulitsa cimanga. Pa mudzi tiyesa ndi meda kapena tini, koma ogula a boma ayesa ndi sikelo, ndipo mlimi amene sadziwa kuti matini angati akwana thumba la makilogalamu 50 abwerera kwao ali kudandaula. Ku Britain kuli sikelo ya masatifiketi. Inakonzedwa ndi UCAS, bungwe limene lilandira makalata a ofuna malo m'mayunivesite, ndipo ipatsa giredi iri yonse mapointi ace. Pa sikelo imene inayamba kugwira nchito mu 2017, giredi ya A* pa A-level iri ndi mapointi 56, A iri ndi 48, B 40, C 32, D 24, ndi E 16. Wina ali yense wa ife akhoza kuwerengera pa bolodi: AAB ndi 48 kuphatikiza 48 kuphatikiza 40, ndiwo mapointi 136, ABB ndi mapointi 128. Pa sikelo yakale A inali ndi mapointi 120 ndi B 100, kotero kuti AAB inali 340. Munthu akapeza ciwerengero cimeneci m'mapepala akale asacite mantha, pakuti cimanga ciri comweco.

Ngakhale mu England momwemo si ana onse amene alemba A-level. Ena atsata maphunziro a BTEC, amene ayesa kwambiri nchito imene mwana acita m'kati mwa caka. Diploma yace yaikulu ipatsa magiredi 3, ndipo Distinction iri ndi mapointi 48, Merit 32, Pass 16. Cotero DDD ndi mapointi 144, oposa a AAB, ndipo DDM ndi 128, olingana ndi ABB. Ena alemba International Baccalaureate, imene iri ndi maphunziro 6 ndi mapointi 45 pa diploma yonse. M'maphunziro ace apamwamba giredi 7 iri ndi mapointi 56 pa sikelo ya UCAS, giredi 6 iri ndi 48, ndi giredi 5 iri ndi 32. Palinso Access to Higher Education Diploma, ya anthu akulu amene anasiya sukulu kale nafuna kubwerera. Kawiri-kawiri itenga caka cimodzi, ndipo wopeza Distinction m'zigawo zonse 45 zimene zipatsidwa giredi alandira mapointi 144.

Koma sikelo imeneyi inakonzedwera mayunivesite, ndipo kampani siikakamizidwa kuitsata. Ina ivomera mapointi, ina inena ciwerengero cace-cace ca satifiketi iri yonse, ina ifuna magiredi amene munthu anapeza pa kulemba koyamba. Mapointi ali umboni wamphamvu m'dzanja la mwana, koma ciweruzo ciri kwa olemba nchito.

Satifiketi yathu ya Giredi 12

Tsopano ndifika pa mfundo yowawa, imene tiyenera kuinena poyera. Satifiketi ya Giredi 12 imene ipatsidwa ndi Examinations Council of Zambia iwerengedwa ku England pa msinkhu wa GCSE, osati wa A-level. Mwana wa mapointi 6, amene mudzi wonse unambvinira, ali ndi satifiketi yabwino koposa, koma iri ya sitepe ya pansi pa imene kampani ifunsa.

Cifukwa cace ciri m'mbiri ya dziko lathu, ndipo siciri ca manyazi. Pa nthawi ya ufulu mu 1964 ana a dziko lino amene anafika Fomu 6 anali ocepa ndithu. Kagulu kotsogozedwa ndi Sir John Lockwood, kamene kanafufuza za kumanga yunivesite mu 1963, kanalangiza kuti ophunzira alowe ndi satifiketi ya msinkhu wa O-level. University of Zambia itatsegulidwa mu 1966 inatsata uphungu umenewo. Ndico cifukwa cace digiri ya kuno itenga zaka 4, pamene ya ku England itenga zaka 3: nchito imene mwana wa kumeneko acita pa A-level, wathu aicita atalowa kale m'yunivesite. Maphunziro atsopano amene anayamba kulowa m'masukulu athu mu 2025 aika Fomu 1 kufikira Fomu 4, ndi Fomu 5 ndi 6 za A-level pamwamba pace. Koma ana onse amene anatsiriza m'dongosolo la Giredi 12 adzanyamula satifiketi yao moyo wao wonse, ndipo ayenera kudziwa pamene iima.

Mwana wotere ali ndi njira zokwerera sitepe yosowayo. Akhoza kulemba A-level pa umodzi wa masukulu owerengeka amene aiphunzitsa kuno, kapena pa koleji ya ku England. Akhoza kucita caka cokonzekera, cimene mayunivesite ambiri a kumeneko afuna kwa ana a satifiketi yathu asanayambe digiri. Akhoza kuyamba yunivesite konkuno ndi kuonetsa malikisi a caka cace coyamba. Ngati ali wamkulu wokhala kumeneko, akhoza kutsata diploma ya Access imene ndachula kale. Malikisi a sitepe imeneyi ndiwo amene adzaima m'malo mwa A-level pa tsiku lofunsira nchito, cotero asawayese opanda pace pokhala kuti caka cokonzekera si digiri yeni-yeni.

Palinso msampha wa zizindikiro. Kwa ife giredi 1 ndiyo yapamwamba: 1 ndi 2 ndi Distinction, 3 ndi 4 ndi Merit, 5 ndi 6 ndi Credit, ndipo 9 ndiko kulephera. Pa GCSE, kuyambira mu 2017, zinthu ziri motembenuka: 9 ndiyo yapamwamba, ndipo 1 ndiyo yapansi. Kalaliki wa mu London akaona mndandanda wa 1, 1, 2, 1 wopanda mau ofotokoza, akhoza kuganiza kuti mwana wathu anacita moipa kwambiri. Cimodzi-modzi mwana wa BTEC akalemba DDD, wowerenga mofulumira akhoza kuyesa kuti ndi ma D a A-level, a mapointi 24 okha. Pepala silidzilankhulira lokha. Mwini wace ndiye ayenera kulilankhulira.

Cimene wofunsira ayenera kucita

Coyamba, alembe mayeso amene analemba ndithu, ndi dzina lao leni-leni, ndi magiredi monga ali pa satifiketi. Masiku ano makalata ofunsira nchito alembedwa pa kompyuta, ndipo nthawi zina malo a magiredi ali a A-level okha. Pamenepo ciyeso cidza ca kudzisinthira wekha magiredi ndi kulemba AAB. Asacite cimeneco. Kampani idzafuna kuona masatifiketi isanamlembe, ndipo uloya ndi nchito imene bodza limodzi likhoza kutsekera munthu khomo, pakuti bungwe loyang'anira liyesa makhalidwe ace asanalandiridwe.

Caciwiri, afotokoze sikelo ya kwao mwacidule pa malo olembapo zoonjezera. Mau ocepa akwana, onena kuti: mayeso awa ndi a dziko la Zambia, giredi 1 ndiyo yapamwamba ndipo 9 ndiyo yapansi, sindinalembe A-level cifukwa siinali m'dongosolo la sukulu yanga, m'malo mwace ndinacita caka cokonzekera, ndipo malikisi anga ndi awa.

Cacitatu, apeze umboni wa mboni yodziwika. Ku Britain kuli ofesi ya UK ENIC, imene kufikira mu 2021 dzina lace linali UK NARIC. Munthu atumiza masatifiketi ace, nalipira ndalama, ndipo ofesiyo impatsa kalata yochedwa Statement of Comparability, yonena msinkhu wa satifiketi yace pa muyeso wa kumeneko. Kalata imeneyi siikweza satifiketi, koma icotsa kukaika.

Cacinai, afunse. Akulu anati, safunsa anadya phula. Makampani akulu ali ndi anthu amene nchito yao iri kulemba ophunzira nchito. Awalembere kalata yaifupi ndi yaulemu nthawi ikalipo, tsiku lotsekera lisanayandikire, nachule masatifiketi ace, nafunse ngati awalandira ndi momwe awalembere pa pepala lao. Yankho lao alisunge. Akamuuza kuti salandira, wapulumutsa masiku ace, ndipo apite kwa ena.

Cacisanu, asasokoneze kusiyana kwa satifiketi ndi tsoka. Makampani ambiri aika malo olembapo zobvuta zimene zinatsitsa magiredi a munthu, monga matenda kapena maliro a kholo pa nyengo ya mayeso. Wokhala ndi cobvuta cotere acinene moona, pamodzi ndi umboni wace. Koma kuphunzira ku Chipata kapena ku Petauke si tsoka lofuna cifundo, ndipo mwana alembe za sukulu yace mosapepesa.

Cacisanu ndi cimodzi, alimbikire pa digiri. Magiredi a ku sukulu sasinthika, koma 2:1 kapena First iri m'manja mwace, ndipo malikisi a caka ciri conse awerengedwa.

Kodi muyeso umenewu uli wolungama?

Ena mwa inu adzafunsa kuti, kodi ncabwino kuyesa munthu wa zaka 25, wokhala ndi digiri, ndi mayeso amene analemba ali ndi zaka 18? Funso limeneli analifunsanso a ku England eni ace, pakuti anaona kuti magiredi apamwamba acokera kwambiri ku masukulu a ana a anthu olemera. Kuyambira mu 2015 makampani ambiri anayamba kugwiritsa nchito njira ya bungwe la Rare, imene ilinganiza magiredi a mwana ndi a anzace a pa sukulu yomweyo, kuti B wa pa sukulu yosauka aonekere kulemera kwace. Makampani ena anacotseratu muyeso wa A-level, nayamba kuyesa ofunsira ndi mayeso ao-ao. Kunayambanso mu 2016 njira ya kuphunzira uloya pa nchito, ya zaka 6, imene mwana alowa pocoka ku sukulu.

Ine ndiganiza kuti kampani siilakwa pofuna anthu anzeru ndi akhama, pakuti loya asenza cuma ndi ufulu wa anthu ena. Kulakwa kudza pamene muyeso wa dziko limodzi uyesedwa muyeso wa nzeru zonse. Komabe mwana wathu sangakhale pansi kudikira kuti dziko likonzeke. Ayenera kudziwa kuti makampani ali osiyana, kuti ang'ono-ang'ono ndi a kunja kwa London kawiri-kawiri ayang'ana munthu koposa magiredi ace a ku sukulu, ndi kuti zaka 2 za nchito zikhoza kukwanira ngakhale popanda training contract ya kampani yochuka.

Tisaiwalenso njira ya kwathu. Munthu akhoza kutenga digiri ya malamulo konkuno, napambana mayeso a ZIALE mu Lusaka, nalandiridwa monga loya wa dziko lino. Loya wotere akafuna kukhala solicitor ku England, bungwe la kumeneko silimfunsa zaka 2 za nchito zija, popeza ali kale loya. Ndiponso iye wobwerera kuno ndi digiri ya kunja apeza muyeso wathu uli kumdikira, pakuti satifiketi ya kunja iyenera kutsimikizidwa ndi Zambia Qualifications Authority. Dziko liri lonse liri ndi sikelo yace.

Mbali ya ife aphunzitsi

Mwina wina ali kunena mumtima kuti, ine ndiphunzitsa ana ang'ono-ang'ono, za London zindikhudza bwanji? M'mera mpoyamba, ndipo zinthu zina zimene zigwetsa munthu pa khomo la kampani ziyambira pa thebulo lathu.

Ndife amene tilembetsa ana ku mayeso ao oyamba a boma. Dzina limene tilemba pamenepo litsata mwana pa masatifiketi ace. Tikalemba Mbewe pamene citupa cinena Mbeŵe kapena Mwale, tikasintha tsiku lobadwa cifukwa kholo silinakumbuke bwino, mwanayo adzabvutika zaka 15 kutsogolo, pamene ofesi ya kunja idzaika satifiketi ndi pasipoti pamodzi ndi kuona maina awiri. Tifunse makolo kalata ya kubadwa kapena khadi la ku cipatala, ndipo tiwerengere kholo dzina lonse tisanalitumize.

Ndife amene makolo adza kwa ife kufunsa uphungu, ngakhale mwana atacoka kale m'manja mwathu. Tiwauze kuti akatenge satifiketi yeni-yeni ku sukulu, asakhute ndi kapepala ka zotsatira za mayeso kokha. Aisunge m'pulasitiki, kutali ndi ciswe ndi denga lodontha, pamodzi ndi malipoti a temu iri yonse. Ifenso tisunge bwino mabuku a sukulu, pakuti tsiku lina mwana adzalemba kalata kupempha umboni wakuti anaphunzira pa ife ndi kuti anaphunzira m'Cingerezi.

Ndife amene tiphunzitsa mwana kulemba ciganizo coyamba. Zonse zimene ndanena lero zitsamira pa luso limodzi, ndilo kufotokoza cinthu momveka, mwacidule ndi moona. Mwana amene azolowera kulemba kalata yabwino m'Cinyanja ndi m'Cingerezi adzatha kufotokoza satifiketi yace kwa mlendo, ndipo luso lomwelo ndilo nchito ya loya tsiku ndi tsiku.

Potsiriza, tinene zoona kwa ana ndi makolo. Tisauze kholo kuti mapointi 6 atsegula makomo onse a pa dziko lapansi, pakuti lidzagulitsa ng'ombe zace cifukwa ca mau athu, ndipo mwana akafika adzauzidwa kuti patsala caka cina ca maphunziro ndi ndalama zace. Tisauzenso mwana kuti uloya wa kutali suli wa ana a kumidzi, pakuti lamulo la kumeneko silinena comweco. Timuuze pamene satifiketi yace iima, sitepe imene yatsala, ndi anthu amene ayenera kuwafunsa. Akadziwa zimenezi asanayambe ulendo, iye ndi makolo ace adzawerengera bwino zaka ndi ndalama, nadzasankha okha ngati apita kapena aphunzira konkuno.

Ndipempha kuti tikabwerera ku masukulu athu, ali yense atsegule buku la maina a ana amene adzalemba mayeso caka cino, ndi kulinganiza dzina liri lonse ndi makalata a makolo.